Khansa ya Kachikopa ka Mapapo ndi Mankhwala Ake

Pa mzere wa odwala pa chipatala chaching'ono cha kumudzi nthawi zina pamapezeka bambo wachikulire atakhala pa benchi chowerama, dzanja lili pa nthiti, akupuma mwabefu ngati wakwera phiri, chonsecho wangoyenda kuchokera pamsewu. M'thumba la jekete muli kabuku kake ka kuchipatala, ndipo m'kabukumo mwalembedwa kuti anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa miyezi 6 osadumphitsa tsiku ndi limodzi lomwe. Ku chipatala cha pa boma anampopa kawiri madzi a m'chifuwa, koma madziwo abwereranso. Thupi likunka lichepa, ndipo usiku tulo sitibwera kaamba ka kubaya kwa m'nthiti. Kumudzi ena ayamba kale kunong'onezana kuti pamenepa pali dzanja la munthu.

Pali funso limodzi limene lingathe kumasula mfundo imeneyi. Kodi bamboyu ali mnyamata ankagwira ntchito yanji, ndipo ankaigwirira kuti? Akayankha kuti anali ku mgodi wa Shabani kapena wa Mashaba ku Rhodesia, kapena ku migodi ya asibesitosi ya ku South Africa, dokotala amayamba kuganizira nthenda ina imene imafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu koma si chifuwa chachikulu ai. Nthendayi ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo, imene madokotala amaitcha mesothelioma. Nkhani ino ikufotokoza za nthendayi, makamaka za mankhwala amphamvu amene amaperekedwa polimbana nayo, zimene angathe kuchita ndi zimene sangathe.

Kodi kachikopa ka mapapo n'chiyani?

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi anaona kuti mapapo ake ndi osalala ndi onyezimira. Chimene chimanyezimiracho ndi kachikopa kopyapyala kamene kanakuta mapapowo. Munthu nayenso ali nako. Kachikopaka kali pawiri: kena kanamatira ku mapapo, kena kanayala kunsi kwa nthiti. Pakati pake pali timadzi tochepa zedi tothandiza kuti mapapo aziterereka bwino pamene munthu akukoka mpweya ndi kuutulutsa.

Khansa ikagwira kachikopaka, kamayamba kukhuthala ndi kuuma, mpaka kamafinya phapo ngati chikombole. Timadzi tija timachuluka n'kusanduka malita, ndipo phapo limasowa malo ofutukukira. Ndicho chifukwa chake wodwala amabanika, amamva kuwawa kosalekeza mbali imodzi ya chifuwa, amakhosomola chifuwa chouma, amaonda, amatopa msanga ndiponso amatuluka thukuta usiku.

Zizindikiro zonsezi zimapezekanso mwa munthu wodwala chifuwa chachikulu. Kunena zoona, m'dziko muno madzi a m'chifuwa nthawi zambiri amayamba kaamba ka chifuwa chachikulu, nthenda imene imachizika ndithu. Khansa ya kachikopa ka mapapo ndi yosowa. Motero munthu amene ali ndi zizindikirozi asataye mtima, koma apite kukayezetsa makhololo ndi kujambulitsa chifuwa. Pamene pafunika kuchenjera ndi pamene mankhwala a chifuwa chachikulu amwedwa mokhulupirika koma munthu sakupeza bwino.

Fumbi lochokera ku migodi

Pafupifupi anthu 8 mwa anthu 10 alionse odwala khansayi anapumapo fumbi la asibesitosi. Asibesitosi ndi mwala umene ukaphwanyidwa umanyenyeka ngati ulusi. Popeza sugwira moto ndipo suola, ankausakaniza ndi simenti popanga malata otuwa ofolerera nyumba, mapaipi a madzi ndi matabwa a siling'i, ndiponso ankauika m'mabuleki a galimoto ndi kukulungira mapaipi otentha a m'mafakitale. Tiulusi take n'tating'ono kwambiri kotero kuti sitioneka ndi maso. Tikalowa m'mapapo sitisungunuka, ndipo tina timayenda mpaka kukabaya kachikopa kaja. Pamenepo timakhala tikunyerenyetsa mwakachetechete kwa zaka 20, 30, ngakhale 50, khansa isanaonekere.

Mgwirizano wa fumbili ndi khansayi unadziwika kuno ku Africa komweku. M'zaka za m'ma 1950, Dr. C. A. Sleggs, amene ankayang'anira chipatala cha odwala chifuwa chachikulu ku Kimberley, anazindikira kuti odwala ena okhala ndi madzi m'chifuwa, ochokera kudera la migodi ya asibesitosi wobiriwira, sankachira ndi mankhwala amene ankachiritsa anzao. Anagwirizana ndi Dr. J. C. Wagner wa ku Johannesburg ndi Dr. Paul Marchand, ndipo m'chaka cha 1960 anafalitsa zimene anapeza mwa odwala 33. Onse kupatula mmodzi yekha anali atakhudzanapo ndi fumbi la asibesitosi. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa iwo sanagwirepo ntchito mumgodi. Anangokhala pafupi ndi migodiyo, ena ankasewera pa milu ya zotsalira zake ali ana.

South Africa inali ndi migodi ya asibesitosi wobiriwira kufupi ndi Kuruman ndi Prieska, ndi wa asibesitosi wofiirira ku Penge. Wobiriwirayo ndiye woopsa koposa, koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mitundu yonse, kuphatikizapo woyera wa ku Shabani ndi Mashaba, imayambitsa khansa. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi kotheratu m'chaka cha 2008.

Mbiri imeneyi ikukhudza midzi yambiri ya ku Malawi. Kwa zaka zambiri anyamata ankachoka m'midzi kunka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, za njinga ndi za ukwati. Ambiri anali m'migodi ya golide ndi m'mafamu, koma ena analowa ntchito ku migodi ya asibesitosi, ndipo ena anatenga akazi ndi ana kukakhala nao m'makomboni. Mnyamata amene ankanyamula matumba a asibesitosi m'chaka cha 1975 lero ndi gogo, ndipo nthawi imene fumbi lija limaonetsera ukali wake ndi ino. Mayi amene ankakutumula ndi kuchapa maovolosi a mwamuna wake nayenso anapuma fumbi lomwelo. Chimodzimodzinso amisili omanga nyumba, a mapaipi ndi amakanika amene sanatulukepo m'dziko muno koma ankacheka kapena kupala zinthu za asibesitosi.

Kuipeza nthendayi

Chithunzi cha ekisire chimangoonetsa kuti m'chifuwa muli madzi kapena kuti kachikopa kakhuthala. Sichinena chimene chachititsa. Kuyeza madzi opopedwawo kumathandiza, koma kawirikawiri sikukwanira. Njira yotsimikizika ndiyo kudula kanyama kakang'ono pa kachikopako ndi kukakayeza ku labotale. Zimenezi, pamodzi ndi kujambula ndi makina a CT scan, zimachitikira ku zipatala zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kulinso chipatala cha khansa cha dziko lino. Wodwala amafikako ndi kalata yochokera ku chipatala cha pa boma lake.

Anthu ena amakana kudulidwa kanyamako poopa kuti mpeni udzutsa nthenda. Kuopa kumeneku n'komveka, koma popanda kuyeza dokotala sangapereke mankhwala a khansa, pakuti ndi amphamvu kwambiri moti sangaperekedwe mongoganizira. Kuyezako kumasonyezanso mtundu wa khansayo. Mtundu wofala, wotchedwa epithelioid, umamva mankhwala bwinopo ndipo umakula pang'onopang'ono. Mtundu wotchedwa sarcomatoid ndi waliuma ndipo umathamanga. Palinso wina wosakaniza iwiriyi.

Kodi chemotherapy ndi mankhwala otani?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo abwino amaswana mwadongosolo ndipo amadziwa polekezera. Maselo a khansa amangoswana osaleka. Chemotherapy, imene odwala ambiri amangoti kemo, ndi mankhwala amene amayenda m'magazi n'kumapha maselo amene ali pa kalikiliki woswana. Amaperekedwa kudzera mu diripi pa mtsempha wa pamkono.

Pali mau ofunika kuwanena mosabisa. Kufikira lero, palibe mankhwala amene amachiziratu khansa ya kachikopa ka mapapo, kaya kuno kaya ku maiko olemera. Ntchito ya kemo pa nthendayi ndi itatu: kuchepetsa chotupacho kapena kuchiimitsa kwa kanthawi, kuchepetsa kubanika ndi ululu, ndi kuonjezera masiku a moyo. Aliyense wolonjeza kuti aichotseratu, kaya ndi wa zitsamba kaya ndi wogulitsa mankhwala a m'mabotolo, akungofuna mbuzi ndi ndalama za banja limene lili kale pamavuto.

Mankhwala awiri oyendera limodzi

Kwa zaka zambiri madokotala anayesa mankhwala osiyanasiyana osaona phindu lenileni. Zinthu zinasintha m'chaka cha 2003, pamene zotsatira za kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Dr. Nicholas Vogelzang wa ku America zinafalitsidwa. Odwala oposa 400 a m'maiko ambiri anagawidwa pawiri. Gulu lina linalandira mankhwala akale otchedwa cisplatin okha, ndipo gulu lina linalandira cisplatin pamodzi ndi mankhwala atsopano otchedwa pemetrexed. M'gulu loyamba, theka la odwala linapyola miyezi 9 lili moyo. M'gulu lachiwiri, theka linapyola miyezi 12. Chotupa chinaphwa mooneka mwa odwala 41 pa 100 alionse a m'gulu lachiwiri, pamene m'gulu loyamba anali 17 okha, ndipo a m'gulu lachiwiri ankapumako bwino ndi kumva ululu wochepa. M'chaka cha 2004 boma la America linavomereza mankhwala awiriwa, ndipo mpaka lero ndiwo maziko a kemo wa nthendayi.

Wina angati miyezi 3 yoonjezera ndi yochepa. N'zoona, ndi yochepa. Koma chiwerengerochi n'chapakatikati chabe. Odwala ena sathandizidwa konse, pamene ena amakhala zaka 2 kapena kupyola. Kwa munthu amene akufuna kuona chimanga chake chitalowa m'nkhokwe, kugawa munda kwa ana popanda mkangano, kapena kudalitsa ukwati wa mdzukulu, miyezi imeneyi ili ndi mtengo wake.

Mankhwala awiriwa amagwira ntchito mosiyana. Cisplatin amaononga malangizo a m'kati mwa selo kotero kuti silingathe kuswana. Pemetrexed amatseka njira imene selo limagwiritsira ntchito vitamini wotchedwa folic acid pomanga maselo atsopano. Chifukwa chakuti amamenya mbali ziwiri, mphamvu yao pamodzi imaposa ya mmodzi.

Kaperekedwe kake

Mankhwalawa amaperekedwa tsiku limodzi pa masabata 3 alionse, ndiye kuti pa masiku 21. Masiku otsalawo thupi limakhala likupuma ndi kubwezeretsa magazi. Kawirikawiri wodwala amalandira maulendo 4 mpaka 6, motero chithandizo chonse chimatenga miyezi 3 kapena 4. Muyeso wake amauwerengera potsata kutalika ndi kulemera kwa munthu, ndicho chifukwa chake amamkweza pa sikelo ulendo uliwonse.

Usanafike ulendo uliwonse amatenga magazi kuti aone ngati ali okwanira ndiponso ngati impso ndi chiwindi zikugwira bwino ntchito. Magazi akapezeka ochepa, dokotala amaimitsa kaye kwa sabata. Wodwala asakhumudwe akabwezedwa chotero, pakuti kutero n'kumteteza. Tsiku lolandira, pemetrexed amatha m'mphindi 10 zokha, koma cisplatin amatenga pafupifupi maola 2, ndipo pamafunikanso madzi ambiri a mu diripi asanayambe ndi atatha, otsukira impso. Choncho ndi bwino kukonzekera kukhala tsiku lathunthu. Pakatha maulendo 2 kapena 3 amajambulanso chifuwa. Ngati chotupa chaphwa kapena chaima, amapitiriza. Ngati chikukulabe, amasiya, popeza palibe chifukwa chovutitsira thupi ndi mankhwala amene sakugwira.

Pali zinthu zitatu zimene wolandira pemetrexed sayenera kuziphonya. Choyamba ndi mbulu wa folic acid, wofanana ndi umene amayi apakati amalandira ku sikelo. Amayamba kumwa kutatsala sabata imodzi kuti kemo ayambe, ndipo amamwa tsiku lililonse mpaka patapita masabata 3 chithandizo chitatha. Chachiwiri ndi jekeseni wa vitamini B12, amene amabaya asanayambe ndi kubwereza pa masabata 9 alionse. Chachitatu ndi mibulu ya dexamethasone, yomwedwa dzulo lake, tsiku lenilenilo ndi m'mawa mwake, yoteteza ku zidzolo. Pa kafukufuku uja anaona kuti odwala amene ankalandira mavitamini awiriwa ankavutika pang'ono ndipo ankatha kumaliza maulendo ambiri. Timibuluti timaoneka tachabechabe, koma kutinyozera kungathe kuika moyo pachiswe.

Mankhwala ena amene dokotala angasankhe

Si onse angapirire cisplatin. Kwa munthu wokalamba kwambiri, wa impso zofooka kapena wosamva bwino, dokotala amaika carboplatin m'malo mwake. Ameneyu ndi m'bale wake wa cisplatin, wofatsa pa impso ndi pa mseru, ngakhale kuti amachepetsa magazi kwambiri. Zotsatira zake sizisiyana kwenikweni. Pamene pemetrexed palibe, ena amaphatikiza cisplatin ndi gemcitabine kapena raltitrexed. Khansa ikadzukanso chithandizo choyamba chitatha, angathe kupereka vinorelbine kapena gemcitabine, kapenanso kubwereza pemetrexed ngati anathandiza kwa nthawi yaitali poyamba. Komabe phindu la ulendo wachiwiriwu limakhala lochepa kuposa la woyamba.

M'chaka cha 2016 madokotala a ku France anaonetsa kuti kuonjezera bevacizumab, mankhwala otseka timitsempha todyetsa chotupa, kunakweza chiwerengero chapakati kuchoka pa miyezi 16 kufika pafupifupi pa 19. Koma mankhwalawa amakweza kuthamanga kwa magazi ndipo angayambitse kukha kapena kuundana kwa magazi, motero sayenera aliyense.

Kusintha kwina kwakukulu kunadza m'chaka cha 2020, pamene America inavomereza mankhwala awiri, nivolumab ndi ipilimumab. Amenewa si kemo ai. Ntchito yao ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizindikire maselo a khansa n'kuwathira nkhondo. Pa kafukufuku wa odwala pafupifupi 600, theka la olandira mankhwalawa linapyola miyezi 18, pamene theka la olandira kemo linapyola miyezi 14. Amene anapindula koposa ndi a mitundu yaliuma ija imene simva kemo. M'chaka cha 2024 anavomerezanso kuphatikiza kemo ndi mankhwala ena a gulu lomweli otchedwa pembrolizumab. Vuto lake n'lakuti mankhwala atsopanowa ndi okwera mtengo kwambiri ndipo sapezeka paliponse. Dokotala wa khansa ndiye amafotokozera banja mankhwala amene alipo pa nthawiyo. Banja lisathamangire kugulitsa munda kapena ng'ombe lisanamve kwa iye kuti phindu loyembekezeka ndi lotani.

Ambiri amafunsa chifukwa chake sangochita opaleshoni n'kuchotsa chotupacho. Khansayi simera malo amodzi ngati chotupa cha m'bere. Imayala chifuwa chonse ngati ndere pa mwala. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa m'chaka cha 2024 anapeza kuti odwala amene anachitidwa opaleshoni yaikulu yosenda kachikopako atalandira kemo sanakhale nthawi yaitali kuposa amene analandira kemo yekha, ndipo anakumana ndi zovuta zambiri.

Zovuta zimene zimadza ndi kemo

Popeza kemo amapha maselo oswana msanga, amakhudzanso maselo abwino a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Masiku oyamba wodwala amamva mseru, kusanza, kutopa ndi kusowa chilakolako cha chakudya. Kuchipatala amapereka mankhwala oletsa kusanza, ndipo amagwira bwino akamwedwa mseru usanayambe. Ena amatuluka zilonda m'kamwa. Kuchukucha ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono kumathandiza. Tsitsi limapyapyala, koma ndi mankhwala awiriwa si kawirikawiri kuti lithothoke lonse. Cisplatin angathe kubweretsa kulira kwa m'makutu ndi dzanzi m'zala; zimenezi ziyenera kunenedwa kwa dokotala ulendo wotsatira usanaperekedwe.

Nthawi yoopsa koposa ndi sabata yachiwiri, kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirireni mankhwala, pamene asilikali a m'magazi amakhala atatsika kwambiri. Kachirombo kamene munthu wabwinobwino sangakamve n'komwe kangathe kupha wodwalayo m'maola ochepa. Choncho thupi likatentha kufika 38 pa choyezera, kapena wodwala akayamba kunjenjemera, kutsekula m'mimba kwambiri, kusanza chilichonse, kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, kapena kusiya kukodza, apite naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Asadikire kuti kuche, ndipo asangogula mankhwala a malungo pa okala. Pofika auze namwino kuti munthuyu ali pa kemo ndi kuonetsa kabuku.

Wosamalira wodwala ali ndi ntchito yaikulu. Aonetsetse kuti wodwala akumwa madzi ambiri owiritsa kapena othira mankhwala, akudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi zinthu monga phala la nsinjiro, mazira, nsomba, nyemba ndi nthochi, akugona m'masikito, ndipo sakukhala pafupi ndi anthu a chimfine ndi chifuwa. Mibulu ya ululu monga brufen ndi diclofenac isamwedwe popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa imalemetsa impso ndi kuchedwetsa pemetrexed kutuluka m'thupi. Zitsamba nazonso zingathe kupweteka impso ndi chiwindi, ndipo kutema mphini kumatsegulira tizirombo khomo. Amene ali pa ma ARV, pa bakitirimu, kapena pa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, asasiye okha, koma atenge mabotolo onse kukaonetsa dokotala. Mayi asatenge pakati, ndipo bambo asapereke pakati, pa nthawi ya chithandizo ndi miyezi ingapo pambuyo pake. Khansa sipatsirana: palibe chifukwa chompatulira wodwala mbale, kapu kapena mphasa yakeyake.

Kodi aliyense ayenera kulandira kemo?

Ai. Kemo amathandiza munthu amene adakali ndi mphamvu, amene amatha kudzuka, kusamba yekha ndi kuyendayenda pakhomo nthawi yaikulu ya tsiku. Munthu amene wafooka mpaka kumangokhala chigonere, kemo angamfupikitsire masiku m'malo momtalikitsira. Apa ndi pamene kuchedwa kumapwetekera. Miyezi imene imathera kwa asing'anga, kapena pa kubwereza mankhwala a chifuwa chachikulu amene sakuthandiza, ndiyo miyezi imene thupi likanatha kupirira chithandizo.

Palinso zina zoti banja liziyeze: ndalama zoyendera kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa masabata 3 alionse, munthu woperekeza, ndi mtunda wochokera kunyumba kufika pa chipatala chapafupi zinthu zikavuta usiku. Mutu umodzi susenza denga, motero ndi bwino kuti abale akhale pansi. Koma mau otsiriza ndi a mwini thupi. M'mabanja ambiri ana amapempha dokotala kuti asawauze bambo kapena mayi ao dzina la nthendayo, poopa kuti ataya mtima. Cholinga chake n'chabwino, koma munthu wamkulu amadziwa thupi lake likamatha, ndipo akabisiridwa amalandidwa mwai wosankha ndi wokonza za pakhomo pake. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti mankhwalawa amthandiza chiyani, amvutitsa motani, ndipo chidzachitike n'chiyani akapanda kulandira. Ali ndi ufulunso wokana, kapena wosiya pakati, ndipo sadzathamangitsidwa kuchipatala chifukwa cha kutero.

Chithandizo chimene chilipo kwa onse

Kaya munthu alandire kemo kaya ai, sayenera kufa ndi ululu. Madzi a m'chifuwa amapopedwa ndipo mpweya umabwerera tsiku lomwelo. Akamabwerera pafupipafupi, dokotala angathe kuthira m'chifuwamo ufa wapadera wa kuchipatala wotchedwa talc, umene umamata zikopa ziwiri zija kuti madzi asowe pokhala. Kuotcha ndi magetsi a radiotherapy kumathandiza pa malo amene akuwawa kwambiri. Koposa zonse pali morphine wamadzi wakumwa, amene amaperekedwa m'zipatala za boma ndi za mishoni zimene zili ndi chigawo chosamalira odwala matenda okhalitsa, monga Tiyanjane pa Queen Elizabeth, ndiponso pa Ndi Moyo ku Salima. Morphine akamwedwa pa maola 4 alionse monga mwa malangizo amathetsa ululu ndi kuchepetsa kubanika. Si mankhwala otsiriza munthu monga ena amanenera. Amaumitsa m'mimba, choncho amaperekedwa limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Kunyumba, kumkhazika wodwala chotsamira ndi kumkupiza kamphepo kumaso kumapepuza befu.

Kuteteza amene akubwera m'mbuyo

Malata a asibesitosi adakalipo pa masukulu, nyumba ndi zipatala zina zakale. Akakhala athunthu, osakhudzidwa, ngozi yake ndi yochepa. Ngozi imadza pamene achekedwa, abooledwa, apalidwa kapena aphwanyidwa. Zidutswa zake zisasanduke mafuwa, zotsekera khola, zokwirira maenje a pamsewu kapena zoseweretsa ana. Pofuna kugwetsa nyumba yotere, ayambe afunsa kwa woyang'anira za ukhondo wa pa boma, anyowetse malatawo, awatsitse athunthu, ndipo fumbi lake alikolope ndi nsanza yonyowa, osati kusesa. Fodya sayambitsa khansa ya kachikopayi, koma munthu amene anapuma asibesitosi akamasutanso, ngozi ya khansa ya m'phapo lenilenilo imachuluka kambirimbiri.

Amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku South Africa asunge bwino mapepala ao akale, monga chiphaso cha ntchito ndi nambala ya ku mgodi, pamodzi ndi zotsatira za kuchipatala. Malamulo a dzikolo amapereka chipukuta misozi kwa ogwira ntchito m'migodi amene apezeka ndi matenda a fumbi, kudzera ku ofesi ya Medical Bureau for Occupational Diseases ku Johannesburg, ndipo m'chaka cha 2003 kunakhazikitsidwanso thumba la Asbestos Relief Trust la amene anagwira ntchito m'migodi ina ya asibesitosi. A ku ofesi ya za ntchito pa boma angathe kulozera poyambira.

Tsono bambo uja wa pa benchi akalowa m'chipinda cha dokotala, asangonena za chifuwa chokha. Anene kuti anali ku mgodi wakuti, chaka chakuti, ndipo ankagwira ntchito yakuti, ngakhale asanafunsidwe. Ngati iye waiwala kapena achita manyazi, mwana kapena mdzukulu womperekeza amnenere. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Aliyense amene anapumapo fumbi limeneli, ndipo wabanika kapena kumva kubaya m'nthiti kwa masabata oposa 2, apite ku chipatala sabata yomweyo, atatenga kabuku kake ndi mankhwala onse amene akumwa.